Tambu ndi Nyasha ali pakati pathu



Ndabwera ndi pempho limodzi: bungwe lathu ligulire atsikana a pasukulu yathu buku lotchedwa Nervous Conditions, lomwe adalemba mayi Tsitsi Dangarembga a ku Zimbabwe, ndipo lidatuluka mu 1988. Ndifotokoze chifukwa chake.

Nkhaniyi idachitikira ku Rhodesia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Dzikolo sitilimvera kwa alendo. Tidali nalo m'chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo agogo athu ambiri a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka adakagwira ntchito kumeneko. Lamulo la mu 1930 lidagawa nthaka motsata khungu, yachonde n'kupita kwa azungu. Sukulu nazo zidali zosiyana.

Tambu ndi mtsikana wa kumudzi. Ndalama za sukulu zitachepa, makolo adasankha mlongo wake Nhamo. Iye adalima chimanga nakagulitsa ku Umtali, komwe lero ndi ku Mutare, kuti apeze fizi. Mwayi wopita kumishoni udamupeza Nhamoyo atamwalira. Kumeneko adagona chipinda chimodzi ndi Nyasha, mwana wa bambo ake aakulu, yemwe adakulira ku England. Awiriwa adakhala paubwenzi wa ponda apa nane mpondepo.

Tsono onani momwe anthu adaweruzira Nyasha. Adati ndi wonyada poti adaiwala Chishona. Adati ndi wopanda mwambo chifukwa cha madiresi aafupi. Bambo ake omwe adamutcha dzina lonyansa atachedwa panja ndi mnyamata. Atadwala matenda okana chakudya, dokotala wachizungu adati munthu wakuda sadwala zotere. Tambu naye atapambana mayeso opita kusukulu ya masisitere ya Sacred Heart, adamuika m'chipinda chothithikana cha atsikana akuda okhaokha, ndipo pang'onopang'ono adaleka kuyankha makalata a Nyasha, panthawi imene mnzakeyo ankamufunitsitsa.

Apa ndiye pagona phunziro. Tsankho la azungu lidawapsinja onse awiri, koma mabala akuya adachokera pakamwa pa abale. Mudzi wopsinjidwa ukasowa pothira mkwiyo, umafuna mwana wamkazi woti uzimuloza chala.

Kodi kwathu kuno n'zachilendo? Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, omwe adalowa ufumu mu 2003, adathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino adakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Koma lamulo silitseka pakamwa pa anthu pachitsime. Mtsikana wobwerera kusukulu atabereka amalowa m'kalasi aliyense akudziwa mbiri yake. Akakhala wopanda mnzake womuyembekeza panjira, amaleka.

Mabuku akabwera, atsikana awerenge awiriawiri, ndipo ife tikawayendera tikawafunse mafunso atatu. Ndani adaweruza Nyasha? Woweruzayo ankaopa chiyani? Ukadakhala Tambu, kalata ija ukadaiyankha?

Anyamata awerengenso, poti mawa adzakhala atate ndi atsibweni.

Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Msungichuma wathu ali pakhomo apo ndi kope lake, tisatuluke osamuona.