NKHANI YA NYUMBA ZA KHONSOLO: MAU A PA MSONKHANO

Lero tikambe za nyumba.

M'caka ca 1948 Boma la atsamunda linaika lamulo lakuti makhonsolo ndi olemba anthu nchito apezere anchito akuda nyumba m'matauni. Matero ndi Chilenje anakula motero. Koma nyumba inali kutsata nchito: nchito ikatha, m'mawa mwace katundu ali pabwalo. Ena anadzimangira okha m'makomboni monga George ndi Chawama.

Titalandira ufulu mu 1964, anthu anacuruka m'matauni. Lamulo la 1974 linabvomereza makomboni ena, ndipo eni nyumba anapatsidwa cikalata cokhalapo zaka 30. Mu 1996 Boma la Pulezidenti Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa amene anali kukhalamo, pa mtengo wocepa. Ogula anakondwa, ndipo ife sitiwacitira nsanje. Koma makhonsolo anatsala ndi nyumba zowerengeka, ndipo ndalama za lendi zomangira zina zinaleka kulowa. Nanga mwana wathu amene wakwatira lero adzagona kuti? Acita lendi kacipinda kamodzi, ndipo malipiro ace athera m'manja mwa mwini nyumba.

Cotero tipempha makhonsolo zinthu ziwiri. Amangenso nyumba za lendi yocepa. Agawirenso osauka mapuloti okhala ndi madzi ndi miseu, osati a ndalama okha ai.

Inu a lendi, musalipire popanda lisiti. Pitani kwa khansala wanu mukamfunse za mapuloti, cifukwa mwana wosalira afera m'mbereko.