KUSANKHA MAKINA OPUKUTIRA PENTI YA GALIMOTO

Nkhani yathu ya lero ikukhudza eni magalimoto, madalaivala, ndiponso anyamata amene amapeza zosowa zawo potsuka ndi kupukuta magalimoto, makamaka inu a ku mapiri a Dedza, kuyambira ku Linthipe kukafika ku Bembeke.

Mukaimika galimoto yakuda kapena yofiira padzuwa la masana, mudzaona timizere ting'onoting'ono tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Ambiri amati penti yakalamba, koma sichoncho ayi. Fumbi la m'misewu ya dothi yopita kumidzi, limene limachuluka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, lili ndi timchenga tolimba kuposa penti. Munthu akalipukuta ndi chiguduli chouma, kapena akatsuka galimoto yonse ndi madzi a m'ndowa imodzi, timchenga tija timakala penti. Tsono mwini wake amaganiza zogula makina opukutira kuti timizereto tichoke.

Tisanalankhule za makinawo, tiyeni tiidziwe penti yeniyeniyo. Magalimoto ambiri a masiku ano, monga aja ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, ali ndi zikuto zitatu. Pansi pali primer yogwira chitsulo, pakati pali mtundu, ndipo pamwamba pali chikuto choonekera ngati galasi chimene opopera penti amachitcha clear. Zonse pamodzi kuchindikala kwake kungofanana ndi pepala limodzi la m'kope, ndipo chikuto cha pamwambacho sichifika n'komwe theka la pepalalo. Timizere tija tili m'chikuto chimenechi.

Mfundo yaikulu ndi iyi: makina sakwirira timizere, koma amapala chikutocho mpaka chifanane ndi pansi pa kamzere. Chimene chapalidwa sichimeranso. Kuno ku Dedza nkhaniyi ndi yofunika koposa, pakuti tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kumalo okwera chotere cheza cha dzuwa choononga penti chimakhala champhamvu kuposa ku Salima kapena ku Chigwa cha Shire, ngakhale mphepo izizire. Chikuto cha pamwamba ndicho chimatchinjiriza mtundu ku cheza chimenechi. Chikapyapyala kwambiri chimayamba kutuwa ndi kusupuka, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, kupoperanso penti. Choncho makina abwino ndi amene amachotsa timizere atapala penti yochepa.

Makina opukutira alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi a rotary. Awa amazungulira malo amodzi ngati gudumu, maulendo 600 mpaka 3,000 pa mphindi. Ndi amphamvu ndipo ntchito amaitha msanga, n'chifukwa chake akatswiri a m'magalaja amawakonda. Koma amatenthetsa penti. Mukachedwa nawo pamalo amodzi, kapena mukawapendeketsa m'mphepete mwa boneti ndi m'makona a zitseko, mmene penti ndi yopyapyala, amaboola mpaka primer kuonekera. M'manja mwa wosazolowera amasiyanso timizere tawo tatsopano tooneka ngati mafunde.

Achiwiri ndi a dual action. Siponji yake imazungulira uku ikugwedezekera m'mbali, kotero siikhula malo amodzi nthawi yaitali. Ambiri mwa makinawa mukawakanikiza kwambiri amaleka kuzungulira, ndipo penti imapulumuka. Kugwedezeka kwake kumasiyana: ena mamilimita 8, ena 15, ena 21. Aja a 21 amafulumira pamalo otambalala monga denga la minibasi, koma amavuta m'malo opindika. Kwa munthu woyamba kumene, a 8 kapena a 15 okhala ndi mbale ya mamilimita 125 ndiwo oyenera. Ntchito imachedwerapo, komatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chipangizo china chimene tiyenera kukuchenjezani nacho, ndicho grinder ya owotcherera zitsulo. Poti imafanana ndi rotary, ena amaimangirira siponji kuti asunge ndalama. Grinder yaing'ono imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo zambiri zilibe pochepetsera liwiro. Imapsereza penti m'kanthawi kochepa. Mnyamata wopukuta magalimoto a anthu akumbukire kuti kupsereza chitseko chimodzi kungamudyere phindu la masiku ambiri, ndi mbiri yake yomwe.

Pogula, kaya ndi ku Lilongwe, ku Blantyre, kapena mwatuma mbale wochokera ku Johannesburg, yang'anani zinthu izi. Choyamba, werengani kachikwangwani ka pa makinawo. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, pamene makina opangidwira ku America ndi a mavoti 120 ndipo a ku Japan ndi a 100. Oterewa amapsa mukangowalumikiza. A ku South Africa magetsi ake ndi ofanana ndi athu, kungoti pulagi yake ya mano obulungira iyenera kusinthidwa. Chachiwiri, makinawo akhale ndi pochepetsera ndi poonjezera liwiro. Chachitatu, funsani wogulitsa ngati masiponji a muyeso wake ndi mabulashi a mota amapezeka m'dziko muno, chifukwa makina osowa siponji amangokhala chitsulo cha pansi pa bedi. Safunsa adadya phula. Ngati kwanu magetsi sadafike, alipo makina a batire, koma batire imodzi kawirikawiri siitha galimoto yonse, ndiye muganizire zogula ziwiri.

Makina mwagula, musathamangire boneti. Yendetsani chikhadabo pa mzere uliwonse waukulu. Chikakodwa, mzerewo ndi wakuya, ndipo kulimbana nawo n'kumaliza chikuto. Kenaka pakani polishi pang'ono pa kansalu koyera ndi kukhula pamalo obisika. Kansalu kakatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti pentiyo ilibe clear, monga zilili ndi magalimoto akale, kapena clear adatha kale. Apo yendani mosamala koposa. Yambani ndi siponji yofewa ndi polishi wosakhakhala pa kamalo kakang'ono. Zikakanika m'pamene mungatenge zamphamvupo. Ntchitoyi ichitikire pamthunzi, galimoto itatsukidwa ndi kuuma bwino. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dikirani nkhungu ya m'mawa iyambe yabalalika.

Pomaliza, omvera, galimoto siiyenera kupalidwa ndi makina mwezi ndi mwezi. Mukachotsa timizere, pakani phula lotetezera penti, ndipo musinthe katsukidwe. Yambani mwathira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha. Khalani ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira kansalu. Kansalu kakagwa pansi, kasabwerere pa galimoto kasanachapidwe. Mukatero makina anu adzatuluka m'bokosi mwa apo ndi apo, ndipo tsiku logulitsa galimotoyo penti yake idzakuthandizani kunenerera mtengo.