CHIBVOMEZI NDI NYUMBA ZAKALE ZA NJERWA



Ife a ku Mulanje timaopa mvula ndi napolo, koma chibvomezi timachiyesa nkhani ya kutali. Si choncho ai. Chigwa chimene muli nyanja ya Malawi chimatsika ndi mtsinje wa Shire, ndipo pansi pake pali ming'alu imene imasuntha. Umodzi umadutsa m'mphepete mwa mapiri a Thyolo, pafupi pomwepa. Mu March 1989 chibvomezi chinapha anthu ku Salima ndi kusiya zikwi zambiri opanda pogona. Mu December 2009 dziko linagwedezeka kambirimbiri ku Karonga. Anthu anai anafa, ndipo nyumba, masukulu ndi matchalitchi anjerwa anang'aluka.

Tamverani chifukwa chake. Khoma la njerwa limasenza bwino katundu wochokera pamwamba, koma chibvomezi chimalikankha cham'mbali. Njerwa zomangidwa ndi matope sizigwirana. Ngodya zimayamba kulekana, ndipo gebulo, khoma lija losongoka pansi pa denga, limagwa msanga popeza palibe cholichirikiza. Likagwera m'kati mwa kalasi, ligwera ana. Ena amati, "Tchalitchi chathu chinamangidwa ndi agogo athu ndipo chikali chiimire." Inde, koma kuima zaka zambiri sikutanthauza kuti chinayesedwa. Ndipo mvula yathu ino, monga ya Freddy mu 2023, imadya matope a m'munsi mwa khoma pang'onopang'ono, eni ake osadziwa.

Tsono aphunzitsi ndi akulu a mpingo, zungulirani nyumba zanu sabata ino. Yang'anani ngodya, pamwamba pa zitseko ndi mazenera, ndi chumuni ngati chilipo. Mng'alu wolowa chala musaumate ndi dothi kuti ubisike, itanani mmisiri. Khoma lalitali lifuna mizati yolichirikiza. Gebulo lolemera muliphwasule ndi kuikapo matabwa kapena malata. Konzaninso khonde ndi ngalande kuti madzi asakhudze maziko.

Amene mukumanga tsopano, ndidziwa kuti simenti yakwera mtengo. Ngati matumba ali ochepa, yambani ndi maziko ndi bimu ya zitsulo yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera. Pulasitala adikire chaka chamawa.

Dziko likagwedezeka ana ali m'kalasi, alowe pansi pa madesiki, ndipo kumene kulibe madesiki agwade nabise mitu ndi manja, kutali ndi gebulo. Likaleka, atuluke mwadongosolo nakaime pabwalo la mpira, osati pakhonde.