NJINGA YAMOTO IKATENTHA NDI KUPHULIKA



Lero tikamba za njinga yamoto. Pamudzi, njinga yamoto sithandiza mwini wake yekha. Ndiyo imanyamula mbatatesi ndi chimanga kupita ku msika wa ku Ulongwe. Ndiyo imathamangira ku chipatala usiku ndi mayi wapakati. Ikafa, tonse timavutika. Nchifukwa chake nkhaniyi ndi ya tonse, oyendetsa ndi okwera omwe.

Njinga zambiri zakale ziri ndi injini ya mtundu wa Honda CG 125, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1975, kapena injini ya ku China yotengera yomweyo. Injini yotere iribe madzi oziziritsira. Imazizira ndi mphepo ndi oyilo basi.

Njinga ikakalamba imakonda kudwala matenda awiri. Oyamba, injini imatentha koposa, imanunkha oyilo wopserera, ndipo mphamvu imatha pa chitunda. Achiwiri, woyendetsa akachepetsa moto, ekizozi imaphulika ngati mfuti: pho! pho! Kuphulika kamodzi kamodzi pa mtsetse si chinthu choopsa. Koma kukachuluka, injini nkumatenthanso, pamenepo pali vuto. Kawirikawiri matenda awiriwa gwero lake ndi limodzi.

Injini imadya zinthu ziwiri, petulo ndi mpweya. Chosakaniza ziwirizi ndi kabuleta. Pa kilo imodzi ya petulo pamafunika mpweya wokwana pafupifupi makilo 15. Petulo akachepa, mpweya nuchuluka, injini imatentha kwambiri. Nthawi zina moto sugwira bwino m'kati. Petulo wosapsayo amatulukira mu ekizozi, nakayaka m'menemo. Kuphulika kumene timamva ndi kumeneko. Tikalekerera, pisitoni imafufuma ndi kutentha, nikanirira m'kati. Kukonza injini yotero kumadya ndalama za matumba ambiri a chimanga.

Tsono tifufuze bwanji? Tiyambe ndi zosafuna ndalama, titsirize ndi zofuna makaniko. Poyamba zimitsani injini, muidikire izizire.

1. Oyilo. Imikani njinga chiriri pamalo osalala. Tsegulani chotsekera oyilo, pukutani kamtengo kake, kalowetseninso osamanga, ndipo mukatulutse. Oyilo afike pakati pa zizindikiro ziwiri. Injini yotere imalowa pafupifupi lita imodzi. M'misewu yathu ya fumbi, ndi bwino kusintha oyilo pa makilomita 1000 alionse.

2. Zipsepse za injini. Izi ndi tizitsulo topyapyala tondandalikana kuzungulira injini. Ntchito yake ndi kutaya kutentha mphepo ikamapita. Matope akaumirapo, injini iri ngati munthu wofunda bulangeti masana. Chotsani matopewo ndi kamtengo.

3. Pulagi, imene ena amati vela. Imasuleni, muyang'ane nsonga yake. Ikakhala yofiirira ngati dothi louma, zinthu ziri bwino. Ikayera mbuu ngati phulusa, petulo akuchepa ndipo injini ikupsa. Ikada bii ndi mwaye, petulo wachuluka. Kampata ka kunsonga kakhale pakati pa mamilimita 0,6 ndi 0,7.

4. Mpweya wolowa mwakuba. Pakati pa kabuleta ndi injini pali kampira kolumikiza. Kakakalamba kamang'aluka, mpweya numalowera pamenepo. Sefa ya mpweya ikang'ambika kapena ikachotsedwa, vuto ndi lomwelo, ndipo fumbi limalowanso kukadya injini. Yang'ananinso pamene ekizozi imalumikizana ndi injini. Mukaona mwaye wakuda pamenepo, ndiye kuti gasiketi yatha kapena manati akhwepa. Mpweya wolowera pamenepo umakoleza petulo wosapsa uja. Mangani manatiwo, kapena gulani gasiketi ina. Mtengo wake ndi wochepa.

5. Njira ya petulo. Thanki yakale imachita dzimbiri. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zitsotso. Zinyalalazi zimatseka timabowo ta m'kabuleta, ndipo petulo amadutsa wochepa. Yesani chonchi: injini itatentha, kokani choko pang'ono. Njinga ikayamba kulira bwino, dziwani kuti inali ndi njala ya petulo. Tsukani kasefa ka pa mpopi wa thanki. Masulani kasikuluwu ka pansi pa kabuleta kuti madzi ndi zinyalala zituluke. Timabowo tija musatitokose ndi waya, chifukwa timakula nitionongeka. Kasikuluwu kosinthira petulo musakapotoze mwachisawawa. Ngati mwakapotoza, werengani kuti mwazungulitsa kangati, ndipo mulembe, kuti muthe kukabwezera pamene kanali.

6. Mavalavu ndi nthawi ya moto. Mavalavu ndi tizitseko tiwiri ta m'mutu mwa injini. Kena kamalowetsa petulo ndi mpweya, kena kamatulutsa utsi. Amafuna kampata kakang'ono, mamilimita 0,08 pa CG 125, koyezedwa injini iri yozizira. Kampataka kakatha, valavu sitseka bwino, moto umathawira mu ekizozi, ndipo valavu imapsa. Pa njinga zakale kwambiri za platinado, moto ukamachedwa kuyaka, injini imatenthanso. Ntchito ziwirizi zimafuna zida zoyezera. Pitani kwa makaniko, pakuti safunsa anadya phula. Koma pitani mukudziwa zimene mwayesa kale, kuti asakugulitseni chitsulo chimene njinga sikuchifuna.

Palinso china chokhudza dera lathu. Ku Angónia tiri pamwamba, ndipo mpweya wa pamwamba ndi wopepuka. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, kumene mpweya ndi wolemera, ndipo m'mwezi wa Okutobala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Njinga imene petulo wake anamuchepetsa kuno kumapiri, ikatsikira ku Tete imameza mpweya wambiri pa petulo yemweyo. Kotero imatentha msanga. Wopita kumeneko anyamuke m'mamawa, ndipo apumitse njinga panjira.

Nthawi zina wodwalitsa njinga ndi woyendetsa. Katundu wopyola muyeso, kukwera phiri ndi giya yaikulu, mabuleki ogwira okha, tcheni chomangitsa, zonsezi zimatopetsa injini. Kuisiya ikulira itaima nthawi yaitali nakonso nkoipa, chifukwa njinga yoima siilandira mphepo.

Zinthu zitatu musachite konse. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha, chifukwa chitsulo chingang'aluke. Musalize njinga m'nyumba, chifukwa mu utsi wake muli mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Musasute fodya kapena kuyatsa nyali ya moto pamene mukugwira petulo.

Abale, mwaona kuti pa ntchito yonseyi pali manambala. Pali makilomita pa mita ya njinga, mamilimita m'buku lake, ndi malemba pa botolo la oyilo. Amene sadziwa kuwerenga amangokhulupirira zimene wauzidwa. Amene waphunzira amadzionera yekha. Choncho njinga iriyonse ikhale ndi kope lake. Lembanimo tsiku, makilomita, ndi ntchito imene yachitika. Woyendetsa akaiwala, mkazi wake kapena mwana wake adzamukumbutsa poona m'kopemo.

Tiphunzire, tigwire ntchito, tisamale zida zimene zimatithandiza tonse.

Mafunso okambirana m'magulu:

1. Injini imadya zinthu ziti ziwiri?
2. Pulagi yoyera ngati phulusa itiuza chiyani?
3. Oyilo anasinthidwa pa makilomita 23 400. Adzasinthidwanso pa makilomita angati?
4. Lembani m'kope mwanu mawu awa: injini, mpweya, petulo, oyilo, mwaye.