Ana Athu ndi Mpikisano wa Kusambira

Mau amene Mlembi wa Mvano anayankhula pa tsiku la chikondwerero

Mutu umene komiti inatipatsa ndi wa kusambira kwa ana athu. Kapena ena mwadabwa kuti nkhani ya maseŵera ikufuna chiyani pa tsiku lalikulu ngati lino. Tifotokoza.

Mukumbukira maliro amene anatigwera m'dzinja lapitali. Mwana wamkazi wa zaka 9 anapita ndi anzake kukachapa kumtsinje, ndipo anaterereka pa mwala. Anzake anayi anali pomwepo, koma panalibe mmodzi wodziŵa kusambira. Ife amene tinagona pa siŵa usiku umenewo tinafunsana kuti, kodi ana athu angati akadapulumuka pa malo aja? Titaŵerenga bwino, tinapeza kuti ndi oŵerengeka.

Ambiri a ife tinaleredwa ndi lamulo limodzi lakuti, "Usapite kumadzi." Nafenso tauza ana athu chimodzimodzi, ena tawakwapula kumene. Koma ndife tomwe timawatuma kukatunga madzi, kukachapa ndi kukatsuka mbale. Ena amawoloka mtsinje tsiku ndi tsiku popita ku sukulu. Tsono kuletsa kokha sikukwanira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linanena kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Ndi chifukwa chake tsiku la 25 Julaye linapatulidwa kuti maiko azikumbutsana za ngozi imeneyi.

Tsono mpikisano ukubwera bwanji pamenepa? Amayi, tonse tidziŵa kuti mwana salimbikira chinthu chopanda chokondweretsa. Mukamuuza kuti phunzira kusambira kuti ungafe, aphunzira masiku aŵiri basi. Koma akadziŵa kuti Loŵeruka adzapikisana ndi anzake, adzadzuka yekha m'mamaŵa. Pa mpikisano ana amawagaŵa monga mwa zaka zawo, anyamata paokha, atsikana paokha. Dziŵe la mpikisano waukulu limakhala lotalika mamita 50, lina mamita 25, ndipo aliyense amasambira m'njira yake yodulidwa ndi zingwe. Kasambiridwe kalipo ka mitundu inayi. Pali kusambira chafufumimba manja akusinthana, pali chagada, pali kotambasula miyendo ngati chule, ndiponso kotulutsa manja onse aŵiri pamodzi, kamene anakatcha dzina la gulugufe.

Phindu loyamba lili pa thupi. Posambira manja, miyendo, msana ndi mimba zimagwira ntchito pamodzi. Mtima ndi mapapu zimalimba, pakuti mwana amaphunzira kupuma mwa dongosolo, kukoka mpweya mutu ukatuluka ndi kuutulutsa nkhope ili m'madzi. Madzi amanyamula thupi, choncho maondo savutika monga avutikira pothamanga pa nthaka youma. Ngakhale mwana wonenepa kapena wolumala mwendo angathe kusambira bwino. Ndipo mwana amene wasambira amadya bwino, nagona tulo tabwino.

Phindu lachiŵiri ndi mwambo. Wosambira ayenera kufika pa nthaŵi, kumvera mphunzitsi, ndi kudikira chizindikiro asanadumphe. Akadumpha msanga amachotsedwa mu mpikisano, ngakhale akhale waliŵiro chotani. Mwana wozoloŵera zimenezi savuta pomutuma, ndipo ku sukulu amadziŵa kusunga nthaŵi. Paja akulu anati kuwongola mtengo mpoyamba.

Phindu lachitatu ndi kuphunzira kugonja. Pa ana 8 amene adumpha pamodzi, woyamba amakhala mmodzi. Enawo ayenera kutuluka, kugwira dzanja mnzawo, ndi kubweranso maŵa. Chokoma chake nchakuti pali wotchi. Mwana amene wafika pomaliza, koma wachepetsa masekondi aŵiri pa nthaŵi yake ya mwezi watha, nayenso wapambana. Ife makolo tisamufunse kuti, "Wakhala nambala chiyani?" Timufunse kuti, "Kodi waposa pa dzana?"

Tinene za atsikana. Kwathu kuno anyamata amaphunzira okha kunyanja ndi m'madambo, koma atsikana timawasunga pa mtondo. Chonsecho amene amakhala kumadzi nthaŵi zambiri ndi iwowo. Taonani Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, wobadwira ku Harare mu 1983. Anapata mamendulo 7 pa maseŵera a Olimpiki, ndipo aŵiri anali a golide, ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008, posambira chagada mamita 200. Mu 2025 anasankhidwa kutsogolera bungwe lonse la Olimpiki, mayi woyamba ndiponso munthu woyamba wa mu Afirika kukhala pa mpando umenewo. Nafenso tili nawo athu. Joyce Tafatatha anaimira Malaŵi ku London mu 2012, Ammara Pinto ku Rio mu 2016, ndi Tayamika Chang'anamuno ku Paris mu 2024. Mendulo sanabwere nayo, inde, koma anasambira pamaso pa dziko lonse atanyamula dzina la Malaŵi.

Sitikubisa zovuta. Choyamba ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha, makamaka pamene pali bango ndi udzu, ndipo timaloŵa pa khungu. Mwana akayamba kukodza magazi, tisanene kuti wakula, timutengere ku chipatala, mankhwala ake alipo. Tiwaphunzitsenso kusakodzera m'madzi, chifukwa ndimo matendawa amafalira. Chachiŵiri ndi ng'ona ndi mvuu. Malo ophunzirira asankhidwe ndi akulu odziŵa madziwo, ndipo kusakhale kusambira kukada kapena m'bandakucha. Chachitatu ndi mwera. Nyanja ikakalipa, ngakhale katswiri amamira, tsono mwana asadzitame kuti ndadziŵa. Chachinayi ndi zovala. Mtsikana angathe kuvala kabudula wofika m'maondo ndi malaya ogwira thupi, koma osati chitenje, chifukwa chimakulunga miyendo. Ndipo pamene atsikana akuphunzira pakhale mayi woyang'anira, asasiyidwe okha ndi mphunzitsi.

Ena anena kuti maiŵe osambiramo ali m'tauni, m'mahotela ndi m'sukulu za anthu a ndalama. Nzoona. Koma ku Bangladesh ana ambiri aphunzitsidwa kusambira m'maiŵe a kumudzi, atatchinga malo osaya ndi nsungwi. Nsungwi tili nazo. Asodzi ndi anyamata odziŵa madzi tili nawo. Chimene chasoŵa ndi anthu oyambitsa.

Choncho komiti ikupempha zinthu izi. Mayi aliyense adziŵe ngati mwana wake amatha kuyandama ndi kusambira, osangoganiza. Tipite kwa aphunzitsi aakulu ndi kwa mafumu, tikambirane za malo abwino ndi tsiku lophunzirira. Tigaŵane masiku oyang'anira monga tigaŵirana masiku oona odwala, ndipo woyang'anira asatenge zochapa kapena foni, maso akhale pa ana. Mwana womira kaŵirikaŵiri sakuwa, amangoloŵa pansi mwakachetechete. Tiphunzitse ana kuti mnzawo akamamira asadumphiremo, koma akuwe, amupatsire nsungwi yaitali, kapena amuponyere chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Kunyumba tivundikire zitsime ndi ndowa, pakuti khanda limamira ngakhale m'madzi ochepa. Ana akadziŵa bwino, tidzakonze kampikisano kathu, mphatso zikhale makope ndi mapensulo.

Amayi a mwana uja ali pakati pathu lero. Tinawapempha chilolezo tisananene nkhaniyi, ndipo anatiuza kuti dzina lawo lilembedwe poyamba pa oyang'anira. Buku lili pa tebulo pakhomo. Amene mwakonzeka mulembetse musanapite kukadya.