TIKITI YA PAMSIKA NDI UMBONI WANU



Nkhani yanga lero si ya Pulezidenti ayi, si ya nduna ayi. Ndi nkhani ya Khonsolo, boma laling'ono limene lili pakhomo panu penipeni, koma ambiri a ife timalikumbukira pokhapokha galimoto ya malonda a City ikamathamangitsa mavenda mu Limbe.

Ine ndinali wamalonda ndisanayambe kuyenda m'makwalalamu kusonkhanitsa anthu, ndiye tikiti ya pamsika ndimaidziwa bwino. Wodula matikiti safunsa ngati mwagulitsa kapena ayi. Kukacha wafika. Mayi wa tomato alipira, bambo wa kaunjika alipira, mnyamata wa chipisi alipira. Eni nyumba za m'malo opimidwa nawonso ali ndi msonkho wao wa nyumba, eni magolosale ndi malo omwera mowa amagula ziphaso chaka ndi chaka. Kodi ndalama zonsezi zimapita kuti? Funso limeneli si mwano. Si kuukira boma. Munthu wopereka ndalama ali ndi ufulu wofunsa kumene yapita, ndipo kapepala kamene mumakataya pansi madzulo aliwonse ndi umboni woti mzindawu mumauyendetsa ndi thukuta lanu.

Poyamba tidziwe khomo logogoda, chifukwa ambiri timakalipira munthu wolakwika. Madzi akasiya kutuluka pa kiyosiki, nkhaniyo ndi ya Blantyre Water Board, imene imapopa madzi ambiri a mzinda uno kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry. Magetsi ndi a ESCOM. Misewu ikuluikulu ndi ya Roads Authority. Koma zinyalala, misika, zimbudzi za pamsika, ngalande, timisewu ta m'makwalala, nyali za mumsewu, galimoto yozimitsa moto ndi chilolezo chomangira nyumba, zimenezo ndi za Khonsolo. Maofesi ake ali ku Civic Centre, ku Chichiri kuja. Osati kundende ayi, musaope!

Tsono tamverani mbiri yake, chifukwa ndi imene ikutiuza chimene chinatilakwikira. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono, ndipo boma linalonjeza kupereka mphamvu kwa anthu. Mu Novembala 2000 tinasankha makhansala. Koma kodi anakavota ndi angati? Pa anthu 100 aliwonse olembetsa, anapita ndi anthu ngati 14 okha. Andale anaona zimenezo nati, "Aa, anthuwa alibe nazo ntchito." Nthawi ya makhansala aja itatha mu 2005, zisankho zina sizinachitike mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinai zathunthu, abale anga, mzinda wopanda khansala, wopanda meya wosankhidwa. Koma tikiti ya pamsika inasiya kudulidwa? Ngakhale tsiku limodzi! M'zaka zomwezo, mu 2006, ndi mmene anachotsa mavenda m'misewu pa ntchito imene anaitcha Dongosolo. Kaya munagwirizana nayo ntchitoyo kaya ayi, mfundo yanga ndi yakuti panalibe munthu wosankhidwa ndi inu woti akakhale pa tebulo n'kufunsa kuti anthuwa akupita kuti, ndipo kumeneko madzi ndi chimbudzi zilipo?

Mu 2010 anasinthanso lamulo lija. Aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo, ndipo mphamvu yosankha mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo inapita kwa nduna. Taganizani nokha: munthu amene anamulemba ntchito ndi nduna ku Lilongwe, adzaopa yani, nduna kapena mayi wa tomato wa ku Bangwe? Mu 2025 khoti linagamula kuti aphungu kuvota m'khonsolo ndi kuyendetsa thumba la chitukuko la CDF ndi zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Mlanduwo anakasuma ndi bungwe la makhonsolo lija la MALGA. Ine ndikuti linachita bwino. Phungu ntchito yake ndi kupanga malamulo, osati kugawa mabolosi a simenti.

Ena mwa inu mukuti, "Zimenezo n'zandale, ife tikufuna nsima." Chabwino. Tiyeni tikambe za maliro amene tinalira. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kolera sabwera ndi mfiti. Amabwera ndi chimbudzi chodzadza, mulu wa zinyalala umene galimoto sinautenge kupita nawo ku Mzedi, ndi madzi a mu Mudi ndi Nasolo amene amayi amachapira poti alibe kwina. Misozi isanaume, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'kati. Mvula sitingaiimbe mlandu. Koma nyumba zija zinakwera bwanji phiri, chaka ndi chaka, aliyense akuona?

Pamenepa ndiime pang'ono, chifukwa ambiri amafulumira kutukwana amphawi. Palibe munthu amene amakonda kugona pansi pa mwala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzinda uno, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'malo osapimidwa. Malo a mu Blantyre ali ndi eni ake ambiri: ena ndi a Unduna wa za Malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a Khonsolo, ena a makampani ndi anthu wamba. Munthu wogulitsa makala akafuna puloti, ayambire ofesi iti? Atayenda miyezi osaphula kanthu amapita kwa amfumu, amfumu amamulozera kuphiri. Ndiye mukamva kuti anthu achoke m'phiri, vomerezani, chifukwa kumeneko ndi kumanda, koma funsaninso kuti mapuloti otsika mtengo apimidwa kuti, ndi angati, ndipo mndandanda wa olandira waikidwa pa khoma liti kuti aliyense auwerenge.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo chitsekocho sichokhoma monga mmene mumaganizira. Lamulo la 1998 limalola anthu wamba ndi atolankhani kukakhala nawo pa misonkhano ya Khonsolo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye mukhoza kulemba kalata yofunsa kuti msika wanu unatolera ndalama zingati chaka chatha, ndipo zingati zinabwerera kudzakonza msikawo. Lembani awiri, limodzi musunge, ndipo akudindireni tsiku limene alandira. Musapite nokha. Pitani ngati komiti ya msika, ngati amayi a mpingo, ngati gulu la makabaza.

Khansala wanu mumamudziwa dzina? Munamusankha pa 16 Seputembala 2025, tsiku lomwelo munasankha Pulezidenti ndi phungu. Meya simusankha inu, amasankhana okha makhansala, choncho voti ya khansala si yotaya. Ndipo tileke kumusandutsa khansala wogula mabokosi a maliro ndi wolipira fizi. Tikamuzolowetsa zimenezo, tsiku lokamufunsa za ngalande adzatikumbutsa bokosi la agogo, ife kukamwa n'kutseka. Akhale wa chipani changa, akhale wa chipani chanu, mafunso ndi omwewo.

Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo. Ndiye kuti ndondomeko ya ndalama za Khonsolo imaphikidwa miyezi ya m'mbuyo mwake, mvula ili pakati, pamene inu mukuwoloka matope kupita kuntchito. Nthawi yoitanira khansala ndi komiti ya chitukuko ya wodi yanu ndi imeneyo, osati mu Meyi zonse zitatha. Muitaneni pabwalo la sukulu, masana, pamaso pa onse. Abwere ndi pepala losonyeza zimene wodi yanu yapempha, ndalama yake, ndi dzina la kontirakitala amene anapatsidwa ntchito ya chaka chatha. Akakana kubwera, lembani tsiku limene wakana, mumuitanenso mwezi wamawa.