Umwini ndi Kayendetsedwe ka Malo Achisangalalo: Mawu a Mlendo Wolemekezeka kwa Anthu a ku Dowa ndi Ntchisi

Malo achisangalalo, aja amene anthu amalipira pageti kuti akakwere akatungwe a makina, akasambire kapena akayende pa boti, ndi bizinesi, ndipo bizinesi iliyonse ili ndi mwini wake. Nkhani ya lero ndi imeneyo. Koma nkhani siyamba akuluakulu asanalandire ulemu wawo.

Ulemu upite kwa mabwanamkubwa a maboma a Dowa ndi Ntchisi, apampando a makhonsolo awiriwa pamodzi ndi makhansala onse, aphungu a Nyumba ya Malamulo, a Gogo Chalo Dzoole, Msakambewa, Chiwere, Kayembe, Chakhaza, Mkukula ndi Mponela a ku Dowa, a Gogo Chalo Nthondo, Kalumo, Kasakula, Chikho, Chilooko, Malenga ndi Vuso Jere a ku Ntchisi, magulupu ndi anyakwawa, akuluakulu a nthambi za boma zoona za nkhalango ndi zokopa alendo, apolisi, abusa, ansembe ndi mashehe, amalonda a pa Mponela, Madisi ndi Malomo, aphunzitsi, atolankhani, achinyamata, amayi ndi abambo. Amene wadumphidwa akhululuke, si chipongwe ayi. Ana asukulu amene akhala padzuwa kuyambira m'mawa alandirenso ulemu, pakuti makasitomala enieni a bizinesi imeneyi ndi iwowo, ngakhale chikwama chimakhala cha makolo.

Pa malo achisangalalo pamakhala nthaka, pamakhala nyumba ndi makina, pamakhalanso dzina. Kawirikawiri izi sizikhala za munthu mmodzi. Disneyland, imene inatsegulidwa ku Anaheim m'dziko la America mu 1955, sinali ya Walt Disney yekha pachiyambi. Ndalama zinamuchepera, ndiye anagulitsako masheya kwa ena, makamaka kampani ya wailesi yakanema ya ABC, imene inatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pakiyo itayamba kupindula, kampani ya Disney inagulanso masheya a ABC mu 1960. Ku Japan zinayenda mwa njira ina. Tokyo Disneyland, imene inatsegulidwa mu 1983, ndi ya kampani ya komweko, Oriental Land Company. A Disney sanaikepo mpamba wawo. Anabwereketsa dzina ndi luso, ndipo amalandira gawo la ndalama zimene pakiyo imapeza. Ku Durban, uShaka Marine World, imene inayamba kulandira anthu mu 2004, ndi ya khonsolo ya mzinda ya eThekwini. Makhansala amve bwino pamenepo: khonsolo ikhoza kukhala ndi chuma china choposa ziphaso za mumsika.

Kuno kumudzi zitsanzo zilipo, ngakhale zilibe magudumu aakulu ozungulira. Boma la Malawi lili ndi masheya 71 pa 100 alionse m'kampani ya mahotela ya Sunbird, ndipo otsalawo amagulidwa ndi kugulitsidwa pa msika wa masheya ku Blantyre. Nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, imene inachita malire ndi Ntchisi, ndi ya boma mpaka lero, koma kuyambira mu 2015 imayendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Chifukwa cha mgwirizano umenewo, njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Boma liyenera kuyamikiridwa pamenepa, chifukwa silinagulitse nkhalangoyo, linangopeza woiyendetsa. Mwini ndi wina, woyendetsa ndi wina, ndipo zonse zinalembedwa pa pepala.

Ku Dowa konkuno, a Napoleon Dzombe anamanga hotela ya Kalipano m'mbali mwa damu, kusonyeza kuti Mmalawi akhoza kuika mpamba wake kumudzi, anthu a m'tauni n'kumutsata komweko. Pamwamba pa mapiri a Ntchisi, nyumba imene inamangidwa mu 1914 m'nthawi ya atsamunda lero ndi Ntchisi Forest Lodge, ndipo chimene alendo amalipirira kumeneko kwenikweni si bedi, koma nkhalango, mbalame ndi mphepo yozizira. Ku kampu ya anthu othawa kwawo ya Dzaleka, chikondwerero cha Tumaini, chimene anachiyambitsa mlakatuli Menes La Plume mu 2014, chimakoka anthu ochokera ku Lilongwe ndi kutali, ndipo ophika zakudya ndi ogoneka alendo m'kampumo amapezapo kangachepe.

Apa ndi pamene nkhani ya nthaka ikulowera, ndipo ndi yofunika kuikhalira pansi. Mwa zonse zimene paki imafuna, chimene anthu a ku Dowa ndi Ntchisi ali nacho kale m'manja ndi malo. Malowa ali pabwino: msewu wa M1 ukudutsa pa Mponela ndi Madisi, bwalo la ndege la Kamuzu lili pa Lumbadzi pomwepa, ndipo mzinda wa Lilongwe ukukulira chakuno. Vuto ndi lakuti banja likaona ndalama zambiri kamodzi, limagulitsa munda wonse. Pakatha zaka ziwiri njinga yamoto ija yafa, ndalama zatha, ndipo mwana wa m'banjamo akufunsira ntchito ya ulonda pa munda wa agogo ake. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti mabanja alembetse malo awo. Malo olembetsedwa akhoza kubwereketsedwa kwa zaka zodziwika pa lendi yodziwika, kapena kulowa m'kampani ngati masheya, mwini nthaka n'kumadya nawo phindu chaka ndi chaka. A Gogo Chalo, amene amakhala mboni pa nkhani zoterezi, akupemphedwa kuti asamafulumire kudinda chidindo pepala lisanawerengedwe mokweza pamaso pa mbumba yonse, amayi ali pomwepo.

Kampani yokhayo iyenera kulembetsedwa motsata lamulo la makampani la 2013, kuti zidziwike kuti masheya ndi a yani, oyang'anira ndi ati, ndipo wina akamwalira gawo lake lipita kwa yani. Mabizinesi ambiri a m'banja amafera pa maliro a mwini wake, chifukwa zonse zinali m'mutu mwake.

Tsono ndalama zimalowa bwanji? Tikiti ya pageti ndi gawo chabe. Mapaki aakulu amapeza ndalama zambiri pa zakudya, zakumwa, zovala, malo oimika galimoto ndi malo ogona, ndipo n'chifukwa chake amachita chilichonse kuti mlendo asatuluke msanga. Kuno njira ina ndi maukwati, zinkhoswe, maulendo a ana asukulu ndi misonkhano. Pa misonkhano, Mponela safunika kuphunzitsidwa: mabwana ambiri a ku Lilongwe amadziwa zipinda za pa Mponela kuposa maofesi awo. Amene akuseka kutsogoloku akudziwa chimene chikunenedwa. Koma bwana akabwera yekha, mayi ndi ana ali ku Lilongwe, ndalama zimene akanasiya m'boma lino zimabwerera naye m'thumba.

Chovuta kwambiri pa bizinesi imeneyi ndi chakuti ndalama zotuluka sizidikira kasitomala. Malipiro a antchito, chiwongoladzanja cha kubanki, misonkho ndi inshuwalansi zimafunika mwezi ndi mwezi, kaya pageti padutsa anthu 1,000 kaya awiri. Pomwe ndalama zolowa zimayendera nyengo. Msika wa fodya ukatsegulidwa, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, anthu amakhala ndi kanthu m'thumba. Masukulu akatsekera, komanso pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano, malo amadzaza. Koma Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pakati, fizi ikufunika, chimanga chatha m'nkhokwe, palibe kholo limene limaganiza za katungwe. Woyendetsa paki wanzeru amachita ngati mlimi: za miyezi yokolola amasungako kuti zimufikitse ku miyezi ya njala.

Makina nawo sapangidwa kuno. Iwo ndi zipangizo zake amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera mtengo tsiku limodzi. Magetsi akazima pamafunika jenereta ndi dizilo, pakuti mwana sangasiyidwe m'mwamba akudikira kuti magetsi abwere. Ngakhale kumene kuli anthu andalama, paki ikhoza kugwa. Ratanga Junction ya ku Cape Town, imene inatsegulidwa mu 1998, inatsekedwa mu 2018, malo ake n'kumangidwapo zina zopindulitsa kuposa akatungwe. Pa chifukwa chimenechi, ku mapiri kuno n'kwanzeru kuyamba ndi zimene sizifuna dola: damu, maboti, njinga, misewu yoyenda pansi m'nkhalango, bwalo la magule. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, ali ndi eni ake, ndipo kampani yofuna kuti alendo amuone iyenera kupangana ndi mafumu ndi akuluakulu a mwambo, n'kulipira moyenera, osati kuponya makobili pabwalo.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amawerengera zokopa alendo ngati imodzi mwa njira zotukulira dziko. Koma masomphenya sangateteze mtengo ku nkhwangwa. Nkhalango ya Ntchisi, imene makolo ankabisalamo pa nthawi ya nkhondo za Angoni, ikudyedwa m'mbali ndi ootcha makala ndi ocheka matabwa. Thumba la makala limagulitsidwa kamodzi. Mtengo woima umalipiridwa ndi mlendo aliyense amene wabwera kudzauona. Makomiti a m'midzi osamala zachilengedwe akugwira ntchito yotamandika, koma sangapirire ngati pa ndalama za alendo mudzi sukuonapo kalikonse. Gawo la mudzi lilembedwe mu mgwirizano kuyambira pachiyambi.

Chotsalira ndi chitetezo. Ngozi imodzi ya mwana ikhoza kutseka paki imene inamangidwa zaka khumi. Makina amafunika kuunikidwa m'mawa uliwonse asanakwere munthu, zotsatira zake n'kulembedwa m'buku. Pa damu ndi pa dziwe losambiramo pamafunika munthu wodziwa kupulumutsa omira, ndipo wokwera boti aliyense avale jekete yoyandamitsa. Khonsolo ikamapereka chiphaso cha bizinesi yotere, ione buku limenelo, ione pepala la inshuwalansi, ifunsenso kuti mwa amakaniko ndi osunga ndalama, ochokera ku Dowa ndi Ntchisi ndi angati.